Za singano, zigamba ndi mphepo ya mu Juni

Kuno kwathu ku Dedza mphepo yayamba kale ntchito yake. Chimanga tinakolola, chili m'matumba, mbatatesi ya kudimba ikubwera bwino, koma m'mamawa ukatuluka kukatsekula khola la mbuzi zala zimachita kuuma ngati si zako. Ndiye lero za feteleza ndi mitengo ya mavenda tiziike kaye pambali. Ndikufuna tikambirane za singano ndi ulusi.

Chandiyambitsa ndi ichi. Lachiwiri lapitali ndinakhala pakhonde ndikuika chigamba pa bondo la buluku langa la kumunda. Mnzanga wina, dzina ndisunga, podutsa anaima n'kuyamba kuseka. Akuti, "Achimwene, zafika pamenepa? Alamu apita kwawo kodi?" Ine ndinamufunsa kuti matumba ake a chimanga aja anasoka kukamwa ndani. Akuti ndinasoka ndekha. Nanga thumba likabooledwa ndi makoswe amaika chigamba ndani? Akuti ine ndemwe. Ndiye ndinati, zikutheka bwanji kuti chisingano cha matumba ndi cha amuna, koma singano yomweyo ikachepa yasanduka ya akazi? Anangoti "inu ndinu ovuta" n'kumapita. Malaya ake kumbuyoku anali ndi chibowo choti mwanapiye n'kulowa.

Maganizo anga ndi akuti nyumba iliyonse ya mlimi izikhala ndi singano, ulusi ndi sizasi monga momwe imakhalira ndi khasu, ndipo aliyense wa m'nyumbamo, bambo, mayi, mnyamata, mtsikana, azidziwa kuzigwiritsa ntchito. Chigamba sichochititsa manyazi. Tinangonamizana tokha kuti chovala chikang'ambika ndiye kuti chatha, tikagule china.

Kale bodza limeneli linali lotheka kulipirira, chifukwa kaunjika anali wotchipa. Unkapita pa tsiku la msika ndi kangachepe, n'kubwerako ndi juzi ya mwana aliyense. Koma mabelo a kaunjika amachokera kunja, amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tinaona zimene zinachitika pa mulu wa zovala paja. Bulangete labwino lero ukalifunsa mtengo umayamba kuwerenga ndowa za chimanga zimene zichoke m'nyumba. Ndipo nthawi imene mphepo imafika, Juni ndi Julaye, ndi nthawi yomweyo imene mavenda amagula chimanga motchipa. Ndiye umagulitsa chakudya pa mtengo wozizira kuti ugule chofunda pa mtengo wotentha, kenako mu Febuluwale ukugulanso chimanga chomwecho modula. Ine masamu amenewa ndinatopa nawo.

Malemu amayi anga anali ndi kachitini ka mabatani ndi kathumba ka zidutswa za nsalu. Panalibe chotaya. Chitenje chikatha pakati, m'mbali mwake munkatuluka mpango wa kumutu, zotsala zake zinkalowa m'kathumba kaja. Ife ana asanu tinakulira m'chofunda cha zigamba chimene anasoka pamanja. Nthawi imeneyo ndinkachita nacho manyazi alendo akabwera. Chaka chatha nditaona mdzukulu wanga akugona atadzipinda ngati nyongolotsi pansi pa kabulangete kopyapyala, ndinawakumbukira amayi aja. Ine ndi mayi a kunyumba tinagwirizana zoti tiyese.

Choyamba chija tinachilakwitsa, sindibisa. Tinasakaniza nsalu ya chitenje ndi ya tisheti yotamuka ija, chinthu chinatuluka chokhota ngati mzere wolima munthu ataledzera. Komanso zidutswa zina sitinazichape, ndiye tsiku loyamba kuchapa utoto wofiira unathamangira ponseponse. Chachiwiri ndi chimene chinakhala bwino, ndipo ndikuuzeni mmene tinachitira kuti inu musabwereze zolakwa zathu.

Nsalu musagule. Yambani ndi za m'nyumba mwanu momwemo: zitenje zakale, malaya a thonje amene kolala inatha, yunifolomu imene mwana inamuchepera. Dulani malo amene akadali olimba, ofooka aja asiyeni akhale sanza zopukutira. Kenako pitani kwa telala wa pakhonde la sitolo. Pansi pa makina ake pamagwa zidutswa tsiku lililonse, ambiri amangosesa n'kukatentha. Wathu ife ndinamupatsa kambale ka nyemba, iye n'kundisungira jumbo yodzaza. Sankhani nsalu zofanana kulemera kwake, zosatamuka. Zichapeni zonse kaye, chifukwa nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba ndipo ina imatulutsa utoto. Zikauma zisiteni, simbi ya makala ija ndi yokwanira.

Mukatero dulani katoni ya makona anayi, mbali zonse zofanana, masentimita 22 uku ndi uku. Rula ya mwana wasukulu igwira ntchito. Katoni imeneyi muziika pa nsalu, kujambula ndi pensulo kapena choko, n'kudula. Posoka muzisiya sentimita imodzi kumbali iliyonse, ndiye kuti chidutswa chilichonse chikhala masentimita 20 chikasokedwa. Mukalumikiza zidutswa 6 m'lifupi ndi mizere 8 m'litali, zonse pamodzi 48, mupeza chofunda cha mita 1.2 ndi mita 1.6, chokwanira ana awiri. Musayambe ndi tizidutswa ting'onoting'ono tokongola mumaona pa Facebook tija. Mutopa musanafike pakati, chinthu n'kukathera pansi pa bedi.

Musanasoke, yalani zidutswa zonse pa mphasa muone mmene zikukhalira, yakuda pafupi ndi yowala, kuti maso asangalale. Ana amaikonda ntchito imeneyi, asiyeni akonze okha. Ndiye tengani zidutswa ziwiri, muziyang'anitse mbali zake zabwino, musoke m'mphepete. Ulusi usatalike kuposa mkono wanu, ukatalika umapotana n'kuchita mfundo. Posoka muzibaya patsogolo n'kubwerera pang'ono m'mbuyo, kubaya patsogolo n'kubwereranso. Msoko wotere ndi umene umalimba pafupifupi ngati wa makina. Malizani mzere umodzi wa zidutswa 6, muusite, muyambe wina, kenako mulumikize mizereyo.

Chimene chimabweretsa kutentha ndi chapakati. Ife tinaika bulangete lakale lija lopyapyala, loti palokha silinkathandizanso kanthu. Pansi pake tinayala zitenje ziwiri zakale zolumikiza, pamwamba nsalu ya zigamba ija. Kuti zitatuzi zisamasunthane, tinkabaya ndi ulusi wokhuthala kuchokera pamwamba mpaka pansi, kubwereranso pamwamba, n'kumanga mfundo, pa kona iliyonse pamene zidutswa zakumana ndi pakati pa chidutswa chilichonse. Pomaliza tinapinda chitenje chapansi chija kuti chiphimbe m'mphepete monse n'kusoka. Basi. Ndalama imene inatuluka m'thumba ndi ya singano ndi ulusi yokha. Sizasi tinabwereka kwa achemwali anga.

Tsopano ndikudziwa zimene ena munene. Wina ati nthawi ili kuti. Abale, tisanamizane. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mlimi alibedi nthawi, zimenezo ndikuvomera. Koma miyezi ino tikakolola, ndi angati a ife timakhala pa bawo kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka kulowa? Ife tinkasoka madzulo tikachoka kudimba, mzere umodzi pa tsiku, masiku ena osagwira n'komwe, ndipo milungu itatu isanathe chofunda chinali pa mphasa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Wina ati mukuwalanda ntchito atelala. Ayi ndithu. Diresi la ukwati, yunifolomu ya mvano, suti, zipi ya buluku, zimenezo ine sindingayerekeze, ndimapita nazo kwa mwini luso ndipo ndimalipira. Koma telala yemweyo mukamupititsira batani lothothoka amachita kukuyang'anani, chifukwa mukumuchedwetsa pa ntchito ya ndalama. Komanso amene wamaliza kudula zidutswa zake 48 ndipo ali ndi kangachepe, akhoza kumupatsa telala kuti alumikize pa makina, tsiku limodzi zatha. Pamenepo ndiye mwamupatsa ntchito imene kale panalibe.

Chovuta chenicheni, chimene sindichipeputsa, ndi cha ana. Mwana wovala chigamba anzake amamuseka kusukulu, ndipo kusekedwa kumapweteka kuposa mphepo. Ine ndinazilawa. Koma taonani kumene ana amaphunzira kusekako. Amamva ife akuluakulu tikunena pa chitsime ndi pa maliro kuti "auje zawavuta, akuyenda ndi zigamba." Tikasiya ife, iwonso asiya. Ndipo chigamba chimasiyana ndi chigamba. Chosokedwa bwino, cha nsalu yofanana, choikidwa mkati bowo likadali laling'ono, munthu sachiona n'komwe. Chimene chimaoneka ndi chimene tachedwa nacho mpaka bondo lonse lili pamtunda. N'chifukwa chake ndikuti tiphunzire kusoka bwino ndi kusoka msanga.

Chondidabwitsa china n'choti zikwama ndi zofunda za zidutswa za zitenje zomwezi zimagulitsidwa m'tauni kwa alendo ochokera kunja, iwo n'kumazinyadira kuti ndi zopangidwa pamanja. Ife eni ake zitenje tikutentha zidutswa kuseri kwa sitolo. Magulu a banki mkhonde, mumakumana sabata iliyonse, bwanji pamene mukudikira kuti anthu akwane osatulutsa singano? Mmodzi wodziwa akhoza kuphunzitsa khumi. Agogo amene amadziwa zimenezi akadalipo m'midzimu, koma akutha, ndipo palibe akuwafunsa.

Chofunda chija mdzukulu wanga akufunda mpaka pano. Usiku amaloza chidutswa chimodzichimodzi: ichi ndi chitenje chimene agogo ankandiberekera, ichi ndi malaya a agogo aamuna a kutchalitchi, ichi ndi yunifolomu ya amalume. Tsopano wayamba kundivutitsa kuti ndimuphunzitse kulowetsa ulusi pa singano, zomwe zandithandiza, chifukwa maso angawa ayamba kukana.

Mnzanga wa chibowo uja ndamusungira singano imodzi ndi kachidutswa kofanana ndi malaya ake. Akadutsanso pano ndimukhazika pakhonde. Inunso sabata ino tafufuzani m'chikwama chakale chija muone zimene zilimo, Julaye asanafike. Mugone bwino, mufunde.