Baunsa wamene ali mumala mwanu

Pa Saturday nenze ku kitchen party mu Garden, kumbuyo kwa Katima Mulilo Road kwamene anyamata amaotchelela mageti. Ng'oma zitapumulako, anti wina anachosa botolo ya mankwala achikuda mu chola, ati "iyi imachapa magazi." Botolo inayenda pamanja monga munkoyo. Palibe anafunsa mnzake ngati ali pa ma ARV, pa mankwala a TB olo a BP.

Nchito yanga ni ya m'makilabu, so lekani nikambe za baunsa. Mumatumbo, muchiwindi na mu impso muli kapuloteni kochedwa P-glycoprotein, kamene Rudy Juliano na Victor Ling anakapeza ku Canada mu 1976. Kamaimilila pa chitseko cha selo. Mankwala akangena, kamawagwila pakhosi na kuwaponya panja. Nchito yabwino, chifukwa kamatiteteza ku poizoni. Koma maselo ena a kansa amalemba mabaunsa ambili maningi, mpaka mankwala osiyanasiyana yonse yamalepela kukhala mukati. Apo madokotala amati matenda yakana mankwala.

Manje vomela vina vimakamba na baunsa uyu. Chitsamba cha St John's wort chimamupatsa mphamvu, komanso chimafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankwala. Mu 2000 ku America anapeza kuti chinachepetsa indinavir, ARV yakudala, na 57 pelesenti m'magazi. Ganizani: mukumwa mapilisi tsiku lililonse, nthawi yake, koma yofika m'magazi ni yosakwana na hafu. HIV ikakumana na mankwala yochepa siifa, imaphunzila kuyazemba.

Vina vimamugoneka baunsa. Piperine wa mu black pepper amachita izi mu labu, ndiye asayansi akuyesa ngati vomela vingathandize mankwala a kansa kukhalitsa mu selo. Koma musathamangile ku Soweto Market. Ka pepa ka mu ndiyo si nkhani, ndipo baunsa akagona, mankwala yangachuluke m'thupi kupitilila muyeso. Na African potato yamene timaikonda inaonesa mu labu kuti imakhudza njila izi.

Ine sinizonda vitsamba, ambuya ananilela na mululuza. Chamene chinanivuta ni chakuti botolo ija yenze ilibe pepala yokamba vili mukati, ilibe na chizindikilo cha ZAMRA. Ngati muli nayo ku nyumba, inyamuleni pa tsiku yotenga mapilisi muwaonese a nesi olo a ku pharmacy. Anti aja ananithililako mu kapu, ninaika pansi pa mpando.