MWANA AKAFUNA KUPHUNZIRA ZA MAGANIZO, MUSAMTSEKERE NJIRA

Mwezi watha mlamu wanga anafika kuno ku Chadiza kucokera ku Chipata nkhope ili gwa. Mwana wake wamkazi wakhoza bwino mayeso a Giredi 12, koma m'malo mwa unamwino kapena uphunzitsi, afuna kupita ku Yunivesite ya Zambia kukaphunzira saikoloji. "Alamu," anatero, "ndalama zonse zija ndinataya pa sukulu, mwana akathere kusunga amisala ku Chainama?"

Ndidziwa kuti funso lotere limveka m'nyumba zambiri m'makomboni mwathu. Ndiye ndati ndiyankhire pano kuti tonse timve.

Saikoloji ndi phunziro la maganizo ndi makhalidwe a munthu aliyense, wodwala ndi wamoyo yemwe. Mbali ina yaikulu ya phunziroli iyang'ana zinthu ziwiri. Coyamba ndi zomwe mtima umamva, monga mantha, mkwiyo, cisoni ndi manyazi. Caciwiri ndi cimene cimasonkhezera munthu kuyamba cinthu, kulimbikira, kapena kugwa ulesi ndi kucileka. Ine ndinena kuti zinthu ziwirizi ndizo zitivuta kwambiri m'zipatala, kuposa kusowa kwa mankhwala nthawi zina.

Ndikuuzeni za kulakwa kwanga. Zaka zapitazo ndinali ndi wodwala cifuwa ca TB, bambo wa ana anai. Mankhwala a TB amwedwa miyezi 6 osadumphitsa. Iye anamwa miyezi iwiri, cifuwa cinaleka, ndipo sanaonekenso. Atabwera patapita nthawi ali woonda, ndinamkalipira pamaso pa anthu onse pa mzere. Ndinamuuza kuti adzafa. Anawerama, natenga mankhwala, napita. Sanabwerenso kwa ine. Pambuyo pace ndinamva kuti ankacita manyazi kuonedwa pa khomo la TB tsiku ndi tsiku, popeza anansi ankanena kuti ali ndi matenda aja. Matenda ake ndinawadziwa bwino, koma munthuyo sindinamdziwe. Ku maphunziro athu tinaphunzira kwambiri za mapapo, koma za manyazi tinangokhudzako.

Akatswiri awiri a ku America, Edward Deci ndi Richard Ryan, anafotokoza m'buku lao la mu 1985 kuti munthu amalimbikira pa cinthu pakakhala zinthu zitatu: aone kuti wasankha yekha, aone kuti angathe, ndiponso aone kuti ali ndi anthu omusamala. Tsiku lija ine ndinam'landa bamboyo zonse zitatu. Kuopseza kumagwira nchito masiku owerengeka cabe. Nanga tiganize za ma ARV, omwe boma linayamba kupereka mwaulere mu 2005, ndipo amwedwa moyo wonse. Mapilisi alipo, koma ndani adzatithandiza kumvetsa mnyamata wa zaka 17 amene wangoleka kumwa?

Pali odwala enanso amene timaona masiku onse. Mai abwera nati, "Mtima uthamanga, mutu uwawa, tulo sindiliona." Tipima malungo, palibe. Tipima magazi, ali bwino. Timpatsa panado, ndipo sabata yamawa wabweranso. Si kuti anama ai. Kale mu 1915 dokotala wina, Walter Cannon, anaonetsa kuti munthu akacita mantha kapena akakwiya, thupi litulutsa adrenaline, mtima ugunda msanga, ndipo m'mimba cakudya cileka kugayika bwino. Thupi likonzekera kumenya kapena kuthawa. Koma ngati coopsaco ndi ngongole ya kaloba, kapena mwamuna wobwera usiku ataledzera, mai uja alibe kothawira, ndipo thupi likhala cikonzekerere miyezi yathunthu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa cilala ca mu 2024, pamene cimanga cinapsa m'minda, odwala otere tinawaona kawirikawiri. Panado sangacize zimenezi.

Ena anena kuti maphunziro awa ndi a Azungu. Koma phunziro lina lodziwika kunja konse linacitikira pafupi pompa, m'boma la Katete. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Profesa Robert Serpell wa ku Yunivesite ya Zambia anafunsa akuluakulu a m'midzi ya Acewa kuti mwana wanzeru ndi wotani. Anapeza kuti kwa ife nzeru si kucenjera cabe, koma kutumikira ndi kukhulupirika komwe. Mwana wanzeru ndi uja ungamtume ndipo mtima uli m'malo. Anatsatira anawo kufikira atakula, nalemba buku lomwe linatuluka mu 1993. Pambuyo pace anakhala mkulu woyendetsa yunivesiteyo kucokera mu 2003 kufikira 2006. Ngati munthu wobadwira ku England anaona kuti nzeru za agogo athu ziyenera kulembedwa, nanga mwana wathu woyamwa Cicewa, amene adziwa kusiyana kwa "mtima wanga wasweka" ndi "mtima wanga wagwa", angacite zotani?

Taonaninso ku Zimbabwe. Dokotala Dixon Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo aakazi ku Harare kukhala pa benchi panja pa kiliniki ndi kumvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri. Zotsatira za kafukufuku zomwe zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti ambiri okhala pa benchiyo anapeza bwino kuposa olandira cithandizo ca masiku onse. Agogo otere tili nao ambiri kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala. Cosowa ndi anthu ophunzira amene angawaphunzitse ndi kuwayang'anira.

Ngakhale ku Chainama komwe mlamu wanga aopa si malo ocititsa manyazi. Cipatala cija cathandiza dziko lino kucokera mu 1962, ndipo lamulo latsopano la umoyo wa maganizo la mu 2019 linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda, kuti odwala maganizo alemekezedwe monga odwala ena onse. Koma lamulo pa pepala silimvetsera munthu. Lifuna anchito.

Tsopano nkhani ya ndalama, cifukwa ndiyo ili kumtima kwa makolo. Sindidzakunamizani kuti nchito ili cidikire. Wophunzira unamwino njira yake ndi yoonekeratu kuposa wa saikoloji, ndipo digiri itenga zaka 4. Ofuna kuthandiza odwala kwenikweni kawirikawiri ayenera kuonjezerapo maphunziro ena. Komabe anthu otere afunika m'zipatala, m'masukulu, m'ndende, ku polisi kumene athandiza amai ndi ana ozunzidwa, ndi m'makampani. Kulinso ngongole ya boma ya ophunzira pa yunivesite, yomwe mwana angapemphe.

Kwa anyamata ndi atsikana ndinena kuti musapiteko poganiza kuti mudzadziwa kuwerenga za mumtima mwa anzanu. Kulibe zaula kumeneko. Kuli kuwerenga kwambiri, kuli masamu a kafukufuku, kuli kuphunzira za ubongo. Yambani mwapita ku kiliniki ya kwanu, mukacezeko ndi aphungu a za HIV, muone ngati mungathe kukhala cete ndi kumvetsera munthu akulira.

Kwa makolo ndinena kuti khalani pansi ndi mwana, mum'funse cifukwa cace. Mwana wokakamizidwa kosi imene saifuna amaphunzira monga wodwala wanga uja anamwera mankhwala: miyezi iwiri, kenaka ziii. Ndalama zotayika zenizeni ndi zimenezo.

Mlamu wanga anabwerera ku Chipata asanavomere, koma anati akakambirana ndi mai a mwanayo. Ine ndinamuuza kuti mwanayo akatsiriza, abwere kuno ku Chadiza. Mzere wa odwala amene ine ndilephera kuwathandiza ndi wautali.