ZOCHEZA ZA SABATA: Galimoto Zamagetsi ndi Mwana Womasula Wailesi

 Sabata ino ndale ndi mitengo ya feteleza tazisiya kaye. Tikambe zinthu zinayi zimene anthu a m'mizinda ikuluikulu amakonda kucheza akakhuta: galimoto zoyendera magetsi, kulimbitsa thupi, mabuku, ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta mongodzisangalatsa. Wina wanena kale mumtima kuti, "Iii, muulutsi ameneyu wasowa chokamba, zimenezo ndi za anthu a ku Maputo." Dekhani achimwene, kuona maso a nkhono nkudekha. Zinayi zonsezi zikukukhudzani inu amene mwakhala pa khonde muli ndi khasu pambali.

Tiyambe ndi galimoto. Galimoto yamagetsi ilibe thanki ya petulo, ilibenso paipi yotulutsa utsi. Kunsi kwake kuli batire lalikulu, lolemera ngati matumba 6 kapena 10 a chimanga, ndipo limatchajidwa monga mmene mumatchajira foni yanu ya m'manja. Si nzeru ya dzulodzulo ayi. Cha m'ma 1900 mumzinda wa New York munali kale matakisi amagetsi, koma galimoto zamagetsi zinagonja pamene petulo anatchipa ndipo Henry Ford anatulutsa galimoto yake yotsika mtengo ya Model T mu 1908. Tsopano zabwerera mwamphamvu. Ku Norway mu 2024, pa galimoto 10 zatsopano zimene zinagulitsidwa, pafupifupi 9 zinali zamagetsi. Ku China nako zikupangidwa ngati zitumbuwa. Ngakhale kuno ku Africa, dziko la Ethiopia mu 2024 linaletsa kulowetsa galimoto za anthu wamba zoyendera petulo kapena dizilo, poti linatopa ndi kutaya ndalama zakunja pogula mafuta pamene magetsi a m'madamu ake alipo ambiri.

Nanga m'kati mwa batire muli chiyani? Apa mpamene nkhani ikutifika pakhomo. Muli mwala wakuda wofewa wotchedwa grafite, womwe uja umalemba m'pensulo ya mwana wanu, ndipo batire limodzi limadya makilogalamu makumi angapo. Umodzi mwa migodi ikuluikulu ya mwala umenewu pa dziko lonse uli kwathu konkuno, ku Balama m'chigawo cha Cabo Delgado, kumene kampani ya ku Australia ya Syrah inayamba kukumba mu 2017. M'mabatire ambiri mulinso kobati, amene wochuluka amachokera ku Congo, ndi lifiyamu, amene abale athu a ku Zimbabwe akukumba ku Bikita ndi kwina. Magetsi otchajira nawo tili nawo: damu la Cahora Bassa ku Songo, m'chigawo chathu chomwechino cha Tete, lili ndi mphamvu ya megawati 2075, koma ambiri mwa magetsi amenewo amakwera nthambo za makilomita oposa 1400 kupita ku South Africa, pamene midzi yambiri ya kuno ikuwunikira tochi ndi kasola.

Alimi a fodya nkhani iyi mukuidziwa bwino. Mumagulitsa tsamba pa kilo, kenaka mumakagula ndudu imodzi pa banka ndi mtengo woti mukawerengetsa mutu umazungulira. Miyala yathu nayo ikuyenda ulendo womwewo: ikutuluka yaiwisi, ikukayengedwa kunja, makamaka ku China, ndipo tsiku lina idzabwera itavala penti yonyezimira ndi mtengo woti inu ndi ine tidzangoiona ikudutsa pa msewu wa Tete. Boma la Zimbabwe mu Disembala 2022 linaletsa kutulutsa miyala ya lifiyamu yosayenga pofuna kuti ntchito ina itsale kwawo. Maganizo amenewo ngabwino, koma lamulo palokha silipanga batire. Pamafunika anthu odziwa kupanga. Sungani mawu amenewa, tiwapezanso kutsogoloku.

Za ine, galimoto yamagetsi sindikuilota. Matope a mwezi wa Febuluwale pa msewu wopita kumidzi ya ku Tsangano safunsa kuti galimoto ikumwa chiyani, ndipo ikafa pamenepo makanika wa pansi pa mtengo amene amadziwa kabyuleta adzangogwira pakamwa. Chimene ndikuchiyang'ana ndi njinga yamoto yamagetsi. Ku Kigali ndi ku Nairobi anyamata akabaza akuyendera zimenezi: batire likatha amapita pa siteshoni, amasiya lakuthalo, amatenga lodzaza, ngati mmene timasinthira botolo la fanta. Mnyamata wa kabaza wa ku Calómuè amene theka la ndalama zake za tsiku limathera petulo wa m'mabotolo, nkhani imeneyi angaimvetse msanga kuposa bwana wa Pajero.

Tsono za kulimbitsa thupi. Ku mizinda anthu amalipira ndalama mwezi ndi mwezi kuti akanyamule zitsulo ndi kuthamanga pa makina osapita kulikonse. Ena amavala kawotchi kowerenga mapazi, ati tsiku lisathe asanaponde 10,000.  Nambala imeneyi inatchuka ku Japan cha mu 1965 pamene kampani ina inkatsatsa kachipangizo kake kowerengera mapazi. Tikanati tiwaveke kawotchi kameneko amayi athu a kumudzi, amene amalawirira ku chitsime, kuchoka apo kumunda, kuchoka apo kunkhuni, kuchoka apo kuchigayo ndi thumba pamutu, kakanatopa ndi kuwerenga dzuwa lisanafike paliwombo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Amayi amenewa amakwanitsa zimenezo Lolemba m'mawa. Iwo chimene akusowa ndi kupuma.

Amene tiyenera kumva uthenga uwu ndi ife a pa mpando: aulutsi, aphunzitsi, a m'maofesi, a m'magolosale, oyendetsa chapa. Munthu ukangogula njinga yamoto, ngakhale kwa neba umapita pa njinga yamoto. Mimba ikayamba kutsogola anthu amati, "Bwana mwayamba kupeza bwino." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matenda othamanga magazi, amene kuchipatala amati tensão, sagogoda pachitseko. Munthu umayenda nawo zaka osamva kupweteka, mpaka tsiku limene mkono ndi mwendo zikana ndipo pakamwa pakhota, kenaka pamudzi payamba kulozana zala kuti wamulodza ndani. Kuyezetsa kumatenga mphindi zochepa pa chipatala chaching'ono chilichonse chimene chili ndi chipangizo chake. Mchere nawo tichepetse. A WHO amati usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi uja ali kale mu usipa ndi m'tizidutswa tokometsera ndiwo.

Achinyamata, inu thamangani, menyani mpira, ndipo atsikana musawathamangitse pa bwalo. Maria Mutola anayamba ndi kumenya mpira pakati pa anyamata ku Maputo. Amene anaona liwiro lake namulimbikitsa kuti ayambe mpikisano wothamanga anali mlakatuli José Craveirinha, munthu wa mabuku. Mu 2000 ku Sydney mtsikana uja anatibweretsera mendulo ya golide pa mamita 800, ndipo dziko lonse linavina.

Poti tatchula munthu wa mabuku, tilowe m'mabuku momwemo. Ndimamva anthu akunena kuti ife sitikonda kuwerenga. Ine ndimakana. Ikani pepala lililonse lolembedwa m'chilankhulo chathu pa msika wa Biri-Biri, muone ngati silizungulira manja khumi lisanang'ambike. Vuto ndi lakuti chowerenga palibe. M'nyumba zambiri buku ndi Baibulo ndi la nyimbo basi. Mwana amayamba sukulu m'Chipwitikizi chimene sanachimvepo kunyumba, ndiye buku amaliona ngati mdani. Nchifukwa chake ndimayamikira maphunziro a zilankhulo ziwiri, amene anayesedwa koyamba kuno ku Tete m'Chinyanja pakati pa 1993 ndi 1997, asanafalikire m'madera ena kuyambira mu 2003. Mwana amene wadziwa kuwerenga m'chilankhulo cha amayi ake savutika kuwoloka kupita ku chinacho.

Ife a m'malire tili ndi mwayi wa nkhokwe ziwiri. Tsidya ilo kuli Nthondo wa Samuel Ntara, kuli Kukula ndi Mwambo wa John Gwengwe, kuli Njala Bwana wa Willie Zingani. Tsidya lino tili ndi Luís Bernardo Honwana, Mia Couto, ndi mayi Paulina Chiziane amene mu 2021 analandira mphoto ya Camões, yaikulu koposa kwa olemba m'Chipwitikizi. Amene mumapita ku Dedza kapena ku Ntcheu kukagulitsa mbatata, tsiku lina bweraniko ndi buku limodzi pamwamba pa sopo ndi shuga.

Kodi buku limodzi lingachite chiyani? Funsani anthu a ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi. Pa njala ya 2001 ndi 2002, mnyamata William Kamkwamba anasiya sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake analibe fizi. Anayamba kupita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale, kumene anapeza buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo. Chingelezi chinkamuvuta, koma zithunzi ankazimva. Anatola fani ya thirakitala, njinga yakutha ya bambo ake, dayinamo, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, namanga makina amene anayatsa babu m'nyumba mwawo. Ali mkati motolera zitsulo kudzala, anthu ankati wapenga, ena ankati akusuta chamba. Mu 2014 anamaliza maphunziro pa koleji ya Dartmouth ku America, ndipo mu 2019 nkhani yake inatuluka pa kanema. M'mera mpoyamba, ndipo m'mera umenewu unayamba ndi mwana womasulamasula mawailesi akufa.

Chomaliza ndi mapulogalamu a kompyuta. Musaope dzinalo. Pulogalamu ndi malangizo olembedwa mwandondomeko kuti makina atsatire, monga mmene mungauzire mwana kaphikidwe ka nsima: tereka madzi, akafunda thira ufa pang'ono, dikira phala libwate, ukaona latero onjezera ufa ndi kuvundula. Kusiyana kwake nkwakuti makina alibe nzeru zodziwonjezera. Ukaiwala kuwauza kuti aphule, nsima ipserera iwo ali chete. Mukatumiza ndalama pa M-Pesa kapena pa e-Mola, ndi malangizo otere amene amachotsa kwa inu ndi kuika kwa mnzanu.

Chimene chimandisangalatsa nchakuti zina mwa ntchito zazikulu za mtundu umenewu zinayamba ngati masewera. Mu 1991 mnyamata wa zaka 21 wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, Linus Torvalds, anayamba kulemba pulogalamu yake kunyumba mongodzisangalatsa. Inatchedwa Linux, ndipo lero ndiyo maziko a Android, imene ili m'mafoni ambiri amene ali m'matumba mwathu. Chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Python, chimene ambiri amayambira pophunzira, Guido van Rossum wa ku Netherlands anachiyamba pa tchuthi cha Khirisimasi mu 1989 pofuna chochita. Python ngwaulere, ndipo munthu angathe kuyamba kumuphunzira ngakhale pa foni. Taganizani mwana wa kuno atalemba kapulogalamu kowerengera matumba a mbatata, mtengo wa feteleza ndi wa thiransipoti, ndi kusintha makwacha kukhala mametikali, kuti bambo ake adziwe ngati apindula asanavomere mtengo wa venda. Ntchito imeneyo palibe wa ku Finland amene adzatichitire, chifukwa sadziwa kuti Biri-Biri ili kuti.

Makolo, apa ndikupemphani kuti muzisiyanitsa. Alipo ana amene foni ikuwadyera ndalama pa juga ya kandege ndi ya mpira, amenewo akhazikeni pansi muwadzudzule. Koma alipo ena amene amamasula tochi, amalumikiza batire ku kasola, amalemba zinthu zosamveka pa foni mpaka usiku. Musanatenge chikoti, muuzeni kuti, "Tandionetsa chimene ukupanga." Akakuonetsani, mpatseni wailesi yakufa ija ili pansi pa bedi. Anthu odziwa kupanga aja ndinati muwasunge, amene tsiku lina angadzayenge grafite wa ku Balama kapena kukonza njinga yamagetsi pa Ulongué, sadzagwa kuchokera kumwamba. Adzachokera mwa ana otere.

Ndipo onani amene ali ndi mpata woterewu pakhomo panu. Torvalds anali ndi nthawi yake yopuma. Kamkwamba naye, ngakhale pa njala, anali ndi maola oyendayenda kudzala. Mlongo wa mnyamata wanu womasula wailesi ali kuti nthawi imeneyo? Ali ku chitsime, wabereka mwana, akutsuka mbale. Ndiye mawa tidzati atsikana alibe mutu wa zamakina, pamene sitinawapatse ngakhale ola limodzi loti ayese. Chidebe cha madzi sichithyola mnyamata khosi. Agawane ntchito, kuti nsima ya madzulo ikatha onse awiri akhale pansi pa kababu ka sola, wina ndi buku, wina ndi waya, mawa asinthane.

Ngati m'mudzi mwanu muli mwana amene wapanga chinthu ndi manja ake, kaya ndi galimoto ya waya yoyaka magetsi, kaya ndi pampu ya kudimba, tilembereni kalata ku tsamba lino kuti ena amve. Tikumanenso sabata ya mawa. Tsalani bwino, ndipo a pa mpando anzanga, njinga yamoto ija mawa muisiye pakhomo.