Mmera Mpoyamba: Za Kukonzekera Nyengo ya Mpira

Chaka ndi chaka mwezi wa Febuluwale ukafika, pamene mvula ikadali kugwa ndipo chimanga chikumasula m'minda, oseŵera a matimu akuluakulu a dziko lino amabwerera ku mabwalo awo kukayamba zokonzekera. Ochemerera saikako mtima kwenikweni pa masabata ameneŵa popeza palibe chikho cholimbirana, koma ife tikuona kuti timu imene idzafooke mu Okutobala kaŵirikaŵiri imakhala itayamba kudwala m'nyengo yomweyi.

Tiyambe taona kukula kwa katundu amene mnyamata wampira amasenza. M'chaka cha 2025 ligi yaikulu ya Malaŵi inayamba mu Epulo ndi kutha mu Disembala. Matimu anali 16, kutanthauza kuti timu iliyonse inaseŵera ka 30, osaŵerengera maseŵera a zikho. Timu yochita bwino ndiyo imasenza zambiri: m'nyengo ya 2023, pamene Bullets motsogozedwa ndi Kalisto Pasuwa inatenga ligi pamodzi ndi zikho zonse zitatu, inakumananso ndi Dragon ya ku Equatorial Guinea ndi TP Mazembe ya ku Congo pa mpikisano wa CAF, kotero kuti maseŵera ake anapitirira 40. Pa maseŵera amodzi a mphindi 90, woseŵera wapakati amathamanga makilomita 10 kapena kuposerapo. Onjezanipo ulendo wa pa basi wochokera ku Blantyre kukafika ku Karonga, kutentha kwa kunyanja m'chilimwe, ndi mabwalo amene dothi lake limauma gwa mvula ikaleka. Thupi loti lipirire zonsezi silimangidwa m'sabata ziŵiri.

Madokotala anaifufuza kale nkhani imeneyi. Kuyambira m'chaka cha 2001, bungwe la UEFA lakhala likusonkhanitsa mbiri ya kuvulala kwa oseŵera a matimu otchuka a ku Ulaya, pa ntchito imene anaiyambitsa dokotala wa ku Sweden, Jan Ekstrand. Mu 2020 iye ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atasanthula nyengo 15: matimu amene anachita mapulakatisi ambiri ligi isanayambe anataya masiku ochepa chifukwa cha kuvulala m'kati mwa nyengoyo. Ntchito yomweyo inaonetsanso kuti chovuta chimene chimagwetsa oseŵera kaŵirikaŵiri ndi kung'ambika kwa minofu ya kuseri kwa ntchafu, imene imakokedwa mwamphamvu munthu akaliyatsa liŵiro mwadzidzidzi. Minofu imeneyi siizoloŵera liŵiro pothamanga pang'onopang'ono mumsewu kapena pokwera phiri m'mamaŵa, ngakhale kuti zimenezi n'zimene aphunzitsi akale ankazikonda. Imazoloŵera pokhapokha ipatsidwe liŵirolo mwa muyeso, sabata ndi sabata.

Apa ndi pamene pagona ntchito ya maseŵera opimana mphamvu. Aphunzitsi a m'sukulu amene mukuŵerenga ngodya ino mukudziŵa bwino chifukwa chake mumapereka mayeso oyeserera ana a Folomu 4 asanalembe mayeso a boma. Simufuna kuti mwana akhoze lero kuti mudzitame. Mufuna kuona pamene pakudontha nthaŵi yofolera ikadalipo. Chimodzimodzinso mphunzitsi wa timu wanzeru. Akakhala ndi sabata zisanu ndi imodzi, ziŵiri zoyamba amayeza matupi a anyamata ndi kuwabwezera mpweya, mpira uli kuphazi, osakumana ndi timu ina iliyonse. M'sabata yachitatu amaitana timu ya m'ligi yaing'ono, nagaŵa anyamata ake paŵiri kuti aliyense aseŵere mphindi 45 zokha. Kenaka mphindi zimakwera kufika pa 60, pa 75, ndipo adani nawonso amanka nakula, mpaka amene akuyembekezeka kuyamba ligi alaŵe mphindi 90 kamodzi kapena kaŵiri. Sabata yomaliza ntchito imapepuka kuti miyendo itsitsimuke. Chimene mphunzitsiyo amalemba m'kope lake madzulo ndi mphindi za mnyamata aliyense. Zigoli za tsikulo amazisiyira ochemerera.

Zimene timaona nthaŵi zambiri n'zosiyana ndi zimenezi, ndipo chifukwa chake si umbuli ayi, koma ndalama. Timu imene yatha miyezi itatu osalandira za pachipata imafika mu Malichi thumba lili mbee. Akuluakulu ake akamva kuti kuli kampikisano ka masiku aŵiri, kapena kuti timu yotchuka yavomera kubwera, salingaliranso kuti anyamata angoyamba kumene kuthamanga. Anthu amene alipira pakhomo amafuna kuona akatswiri, ndiye akatswiriwo amaseŵera Loŵeruka ndi Lamulungu lomwe, pa bwalo lamatope. Mphunzitsi naye amadziŵa kuti akagonja kaŵiri motsatizana, ngakhale pa maseŵera opanda mapointi, ntchito yake iyamba kugwedezeka. Palinso mwambo wosandutsa sabata zoyambazi kukhala msika woyesera anyamata atsopano makumimakumi, amene amaloŵa m'bwalo ndi mtima wa kufa kapena kupulumuka, nagwetsa aliyense wowaima patsogolo. Sitikuwanena anyamataŵa, pakuti akufuna ntchito; koma kuwasakaniza ndi oseŵera amene timu idzadalire chaka chonse n'kuika mbale zadothi m'dengu limodzi ndi miyala.

Wolipira mtengo wa zonsezi ndi woseŵera. Kalabu ikhoza kugula wina pakati pa nyengo, koma mnyamata amene waduka mtsempha wa m'bondo amakhala kunja miyezi isanu ndi umodzi, isanu ndi inayi, kapena chaka chathunthu, ndipo opaleshoni yake si yoti banja wamba lingaikwanitse. Ambiri mwa anyamataŵa anasiya sukulu podalira mwendo womwewo.

Pali ena amene amatsutsa potchula Denmark. N'zoona kuti mu 1992 dziko limeneli linaitanidwa ku mpikisano wa maiko a ku Ulaya kutatsala masiku pafupifupi khumi, Yugoslavia itachotsedwa chifukwa cha nkhondo, ndipo linatenga chikho litagonjetsa Germany 2-0. Nthano imati anyamatawo anatengedwa akuothera dzuŵa kunyanja. Koma ambiri a iwo anali atangochoka m'maseŵera a ligi, matupi akadali otentha, ndipo timu ya dzikolo inali kukonzekera kale maseŵera opimana mphamvu. Chitsanzo choyenera ndi cha 2020. Mliri wa Covid-19 utaimitsa mpira, ligi ya ku Germany inayambiranso pa 16 Meyi, matimu atachita mapulakatisi a gulu lonse kwa masiku oŵerengeka okha ndiponso popanda maseŵera opimana mphamvu. Bungwe lopanga malamulo a mpira la IFAB, poopera matupi a oseŵera m'nyengo yothinana imeneyo, linalola kuti timu izisintha anthu asanu m'malo mwa atatu, ndipo mu 2022 lamuloli linakhazikika. Ngati matimu olemera chotere, okhala ndi madokotala ndi makina oyezera, anafunika kutetezedwa ndi lamulo latsopano, nanji timu ya kwathu kuno imene dokotala wake ndi munthu mmodzi wonyamula kachikwama ndi botolo la madzi?

Zofunika zake sizodula. Bungwe loyendetsa ligi likamalengeza msanga tsiku loyambira ndi kulisunga, mphunzitsi akhoza kuŵerenga sabata zisanu ndi imodzi chobwerera m'mbuyo. Kuyesa anyamata atsopano kungathe kuchitika padera, mu Januwale. Ndipo akuluakulu a kalabu asanavomere kuitanidwa kulikonse, ayenera kufunsa kaye mphunzitsi ngati tsikulo likugwirizana ndi mphindi zimene zili m'kope lake.