Boma silinagulitse dziko kwa America, ndipo China sanachoke

Kuyambira mu April 2022, nkhani imodzi yakhala ikuyenda m'maminibasi a ku Mwami, pamsika wa Kapata ndi pa WhatsApp. Akuti boma la Hakainde Hichilema linapereka Zambia m'manja mwa America, linalola asilikali awo kumanga kampu ku Lusaka, ndipo linafulatira China, bwenzi lathu kuyambira nthawi ya Kaunda. Nyuzipepala ino ikunena poyera kuti zimenezi n'zabodza, ngakhale tikudziwa pamene zinaphukira.

Mwezi umenewo, AFRICOM, nthambi ya asilikali a America yoyang'ana za mu Africa, inalengeza kuti ikutsegula ofesi ya mgwirizano wa zachitetezo mkati mwa ofesi ya kazembe wawo ku Lusaka. Maofesi otere alipo m'maiko ambiri a mu Africa. Zaka zadutsa, koma amene akunena za kampu sanationetsebe pamene ili. Boma nalo lili ndi mlandu wake: linafotokoza mochedwa komanso mwachidule, anthu n'kudzaza okha mipata yotsalayo. Onjezerani kuti Pulezidenti anapita ku Washington patangotha mwezi umodzi atalumbira mu August 2021, ndipo Kamala Harris, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti wa America, anabwera ku Lusaka mu March 2023. Wongoona zithunzi angathe kupusitsika.

Tiyeni titsate ndalama. Mu November 2020, m'nthawi ya Edgar Lungu, Zambia inalephera kubweza ngongole zake zakunja. Dziko litapempha kuti ngongolezo zikonzedwenso, komiti ya maiko otikongoza inatsogozedwa ndi China pamodzi ndi France. Mgwirizano wa ku Paris wa mu June 2023 unakhudza madola 6.3 biliyoni, ndipo oposa 4 biliyoni mwa amenewa anali a banki ya boma la China. Popanda Beijing kuvomera, pepala limenelo likanakhala lopanda ntchito. Patapita miyezi itatu Hichilema anali ku China kwa Xi Jinping, ndipo maiko awiriwa analengeza kuti ubale wawo wakwera kuposa kale. Mu September 2024 anabwereranso kukachitira umboni mgwirizano wokonzanso njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchoka ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, yomwe a China anamanga pakati pa 1970 ndi 1975. Munthu wothamangitsidwa sapatsidwa njanji kuti ayendetse.

Nanga America amene akuti anatigula uja? Mu May 2025 kazembe wawo Michael Gonzales anadula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pachaka, ponena kuti mankhwala akubedwa ndipo boma silikugwira akuluakulu a umbavawo. Aliyense amene ali ndi mbale wake pamzere wa ma ARV anamva mawu amenewo m'mimba. China nayenso tisamuyeretse: mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, asidi n'kutsikira mu Kafue.

Zimene boma ili likuchita n'kudya mbali zonse ziwiri, ndipo si zachilendo. Kaunda anachereza msonkhano wa maiko osatenga mbali ku Lusaka mu 1970. Michael Sata ananyoza a China pakampeni ya 2006, koma atalowa m'boma mu 2011 anagwira nawo ntchito bwinobwino. Wina anganene kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo mtsutso umenewo ndi womveka. Koma ndi mtsutso wosiyana kotheratu ndi zoti dziko linagulitsidwa.

Chomwe chikutiwawa ife a kum'mawa n'choti phokoso la kampu likutiiwalitsa nkhani yathu. Njanji ya Lobito, imene America ndi maiko a ku Ulaya akuikira kumbuyo, ikuloza kumadzulo, kudzera ku Angola. TAZARA ikuloza kumpoto chakum'mawa. Zonse ziwiri zikutsata mkuwa, ndipo mkuwawo suli ku Chadiza kapena ku Lundazi. Ife tili ndi thonje, mtedza, soya, fodya ndi chimanga. Kampani ya a China yakhala ikugula thonje kuno ku Chipata kwa zaka zambiri, ndipo msewu wa Great East kuchoka pamlatho wa Luangwa kukafika ku Mwami unakonzedwa ndi ndalama za ku Ulaya ndi za banki ya chitukuko ya Africa. Mlimi wa ku Katete anazolowera kale kuchita ndi onsewa, ndipo chimene amafunsa ndi mtengo wa kilo.

Njanji yathu ilipo, koma inathera panjira. Rupiah Banda anatsegula ya Chipata–Mchinji mu August 2010, yotilumikiza ndi Malawi ndi doko la Nacala, ndipo sitima imaonekapo mwa apo ndi apo. Mu 2016 boma la Lungu linasainirana ndi kampani ya ku China ya CCECC kuti imange njanji yochoka ku Chipata, kudzera ku Petauke, kukakumana ndi TAZARA ku Serenje, pamtengo woposa madola 2 biliyoni. Mpaka lero katundu wathu akuyendabe pamalole, kutsetsereka m'mapiri a ku Luangwa. Kampani yomweyo ya CCECC ndi imene tsopano yapatsidwa TAZARA.

Aphungu athu a ku Chipata, Petauke ndi Katete asataye nthawi n'kusaka kampu yosaoneka. Akafunse nduna ya zamtengatenga m'nyumba ya malamulo kuti mgwirizano wa 2016 uja unathetsedwa kapena ukadalipo, ndipo ngati ukadalipo, ndalama yake ichokera kuti.