Mawu a Mkonzi: Mtengo wa Nang'omba Usalowe M'thumba la Malasha

Mvula ikayandikira, tambala wa m'chigwa cha Luangwa amapeza nang'omba atadzuka kale. Kulira kwake, kokhala ngati ng'oma yoombedwa kutsidya, kumafika mtunda wa makilomita 3, ndipo akuluakulu akakumva amadziwa kuti yakwana nthawi yotulutsa mbewu. Ku South Luangwa alendo amaimitsa galimoto kuti amujambule: chimbalame chakuda bii, cha makilogalamu ngati 4, chofiira pakhosi, choyenda monyang'wa ngati nduna yopita kubwalo. Koma kumtunda kuno, m'mbali mwa Great East Road kuyambira ku Nyimba mpaka ku Chipata, ana ambiri amangomumva m'nthano za agogo.

Nang'omba amabala mwapatalipatali, ndipo tsoka lake lagona pamenepo. Amakhala m'kagulu ka mbalame zosaposa 10 kawirikawiri, koma mwa zonsezo ziwiri zokha, mwamuna ndi mkazi, ndi zimene zimaswa. Zinazo ndi zotuta chakudya ndi kulondera malo. Mkazi amaikira mazira awiri motalikitsa masiku, n'kufungatira masiku pafupifupi 40. Mwana woyamba kuswa amalanda chakudya chonse, wachiwiri amafa ndi njala. Wotsalayo amakhala m'mphako miyezi itatu asanatuluke. Ku Kruger, m'dziko la South Africa, ofufuza anapeza kuti kagulu kamodzi kamakulitsa mwana mmodzi pa zaka 9. Nkhanga ikaphedwa, inzake imaikira mazira oposa 10 dzinja lomwelo. Nang'omba akaphedwa, malo ake amakhala opanda mwini kwa zaka. N'chifukwa chake mu 2010 bungwe la IUCN linamuika m'gulu la mbalame zimene zili pachiopsezo.

Choipirapo n'chakuti kawirikawiri sadzibowolera yekha poswera. Amafuna mphako yaikulu yopezeka kale mu mlambe, mkuyu kapena mchenja, mitengo imene inamera agogo athu asanabadwe. Chimtengo choterecho ndi chimenenso wootcha malasha amachiyang'ana ndi diso la ndalama, mlimi wa fodya amachifuna kubani, ndipo wofula uchi amachigwetsa chifukwa cha malesa a tsiku limodzi. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumathima maola ambiri, mbaula inayaka m'nyumba zambiri za m'tauni ndipo matumba a malasha anachuluka m'mbali mwa msewu. Nyuzipepala ino siikunyoza bambo wokankha njinga ya matumba atatu kuti ana ake adye. Ikungoti mwa mitengo yonse ya m'thengo, ilipo yochepa imene nkhwangwa iyenera kuilambalala.

Palinso mlandu wa mawindo. Nang'omba akadziona pagalasi amayesa mdani walowa m'dera lake, ndiye amajompha mpaka galasi phwaa. Mwini nyumba akakwiya amathamangira poizoni, ndipo nyambo imodzi ikhoza kutha kagulu konse. Chonsecho waya wa sefa kapena penti pagalasi zimathetsa mkanganowo, mbalameyo n'kupitiriza ntchito yake yodya njoka, mbewa ndi dzombe m'minda popanda malipiro.

Ku South Africa zinthu zinafika poti, kuyambira 1999, a Mabula Ground Hornbill Project amatola mwana wachiwiri uja, kumulera pamanja, ndi kupachika zisa zopanga m'mitengo. Ndi ntchito yodula komanso yochedwa. Kum'mawa kuno sitinafike pamenepo, chifukwa mphako zachilengedwe zikadalipo.

Lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'midzi kuyang'anira nkhalango zawo, ndipo mfumu ikaletsa chinthu anthu amamva msanga kuposa chikwangwani cha boma. Manda athu ndi umboni: mitengo ya kumeneko imakalamba popanda kapitawo woilondera. Mafumu a ku Mambwe, Petauke, Lundazi ndi maboma ena auze anyakwawa awo kuti afunse abusa a ng'ombe, amene amadziwa mtengo uliwonse umene nang'omba amaswera. Mitengo imeneyo iikidwe chizindikiro, ilengezedwe pabwalo, ndipo a Department of National Parks and Wildlife aisunge m'kaundula. Ntchitoyi ichitike m'chilimwe, asanafike October, nthawi imene mkazi amalowa m'mphako kukaikira.