Dzino lomera pa ukulu si matsenga, koma lisanyozedwe

M'makomboni ambiri, mnyamata kapena mtsikana wa zaka 19 akadandaula kuti kumapeto kwa nsagwada kukupweteka, makolo amadabwa. Ena amati wayamba ulesi, ena amaganiza kuti alipo amene wamucita cipongwe. Koma kawirikawiri limakhala dzino lotsiriza lomwe likufuna kumera.

Mwana amakhala ndi mano 20 a mkaka, pamene wamkulu amakhala ndi mano 32. Mano akulu akumbuyo amabwera katatu: oyamba pa zaka 6, aciwiri pa zaka 12, ndipo otsiriza, ochedwa mano a nzeru, pakati pa zaka 17 ndi 25. Otsirizawa amayamba kupangika mkati mwa fupa mwana ali ndi zaka pafupifupi 9. Ambiri amakhala nao anai, ena ocepa, ndipo ena samera nao konse. Zonsezi si matenda.

Bvuto limabwera malo akacepa. Dzino limapendama, kukankha linzace, kapena kuturuka theka cabe. Nkhama imene yaphimba theka linalo imasunga nsima ndi ndiwo kumene mswaci sufika. Tizirombo timaswana, nkhama imatupa, mkamwa mumanunkha.

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amalakwa. Poopa mzere wa ku cipatala, amagula makapisozi awiri atatu pa kantemba, kapena kuika asipirini pa nkhama. Asipirini woikidwa motero amaocha mnofu, ndipo makapisozi ongomwa mwacisawawa amangogoneka matenda. Ndalama imene banja likuti lasunga lero idzaonongeka yambiri wodwala akagonekedwa.

Ululu ukakhala wocepa, kucukuca mkamwa ndi madzi ofunda a mcere kangapo pa tsiku, kutsuka bwino kumbuyoko ndi kumwa Panadol monga mwa malangizo kumathandiza. Koma ululu ukapitirira masiku atatu, wodwala aonedwe ndi a za mano ku kiliniki kapena ku cipatala ca boma. Tsaya likatupa, thupi likatentha, kukamwa kukakana kutseguka, kapena kumeza ndi kupuma kukabvuta, apite tsiku lomwelo ngakhale usiku. Mafinya ocokera ku dzino la pansi atha kufalikira ku khosi ndi kutseka njira ya mpweya. Munthu angafe nazo.

Komabe si dzino lililonse lotsiriza limene liyenera kuzulidwa. Limene lamera coongoka ndipo litsukika bwino lisiyidwe litafune. Woweruza ndi dokotala wa mano, amene nthawi zina amayamba wajambula X-ray kuti aone mmene mizu yagonera.

Mwana wa zaka 20 aoneka wamkulu, koma nthawi zambiri ndalama ya basi ikali m'manja mwa makolo. Akanena kuti dzino lamusowetsa tulo, amvedwe ndi kuperekezedwa msanga, tsaya lisanatupe.